Kaphikidwe ka mabanzi a mtanda a pa Lachisanu Loyera

Mabanzi amene ku England amawatcha hot cross buns ndi ofewa, otsekemera pang'ono, okhala ndi mphesa zouma ndi zonunkhiritsa monga sinamoni, ndipo pamwamba pa banzi lililonse pamakhala mtanda woyera. Mwambo wake ndi wakuti amadyedwa pa Lachisanu Loyera, pamene Akhristu akukumbukira kupachikidwa kwa Yesu ndipo nyengo ya Lenti ikupita kumapeto. Mwambowu ndi wakale ndithu. Mu 1592, pa nthawi ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba, mkulu woyang'anira misika mu London analetsa ophika buledi kugulitsa mabanzi a zonunkhiritsa kupatula pa maliro, pa Khirisimasi ndi pa Lachisanu Loyera, choncho amene ankawafuna pa masiku ena ankaphika okha kunyumba. Kuchokera ku England mabanziwa anafalikira ku Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa, ndipo abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku Britain amawaona atadzaza m'masitolo kudakali masabata angapo kuti Pasaka afike. Kuno ku Malawi, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka ndi masiku a tchuthi, motero banja limakhala pakhomo ndipo mpata wophika umapezeka.

Ntchito yake si yovuta, koma imafuna kudekha pa zinthu ziwiri, zomwe ndi kulola ufa wokanda kukhala wofewa ndi womata m'manja, komanso kuupatsa nthawi yokwanira kuti ufufume. Mabanzi ambiri ophika kunyumba amene amatuluka olimba amakhala kuti alakwika pa chimodzi mwa ziwirizi.

Zofunika pa mabanzi 12

Mufunika ufa wa tirigu magalamu 500, omwe ndi pafupifupi makapu 4 a mamililita 250 osatsendera. Ngati m'sitolo muli ufa wolembedwa kuti bread flour, tengani umenewo, chifukwa uli ndi gluten wambiri, ndipo gluten ndi amene amagwira mpweya wochokera ku isiti kuti banzi likwere. Ufa wa keke nawo umatheka, kungoti mabanzi ake sakwera kwambiri. Pa ufa umenewu pafunika paketi imodzi ya isiti youma ya magalamu 10, shuga magalamu 75 kapena masupuni aakulu 6, mchere supuni yaing'ono imodzi, mkaka mamililita 300, batala kapena majarini magalamu 50, ndi dzira limodzi. Mkaka wa ufa wosungunula m'madzi umagwira ntchito bwino lomwe, bola muyeso wake ukwane mamililita 300.

Za mkati mwa banzi ndi mphesa zouma magalamu 150, zimene pa mapaketi zimalembedwa kuti raisins kapena sultanas, khungu la lalanje limodzi lopala bwino, sinamoni masupuni aang'ono 2, ndi supuni yaing'ono imodzi ya zonunkhiritsa zosakaniza zotchedwa mixed spice. Zimenezi zikasowa, theka la supuni yaing'ono ya jinja wa ufa limakwanira, ndipo mukapeza nutmeg kapena cloves muthireko pang'ono chabe, chifukwa cloves akachuluka amaphimba fungo la zina zonse. Popala lalanje muzichotsa khungu lakunja lokhalo la mtundu wachikasu kapena lobiriwira, osafika pa choyera chamkati, pakuti chimenecho chimawawa.

Za mtanda ndi ufa magalamu 75, madzi pafupifupi masupuni aakulu 5 ndi mafuta ophikira supuni yaing'ono imodzi. Zopaka pamwamba ndi shuga masupuni aakulu 2 ndi madzi masupuni aakulu 2, kapena jamu wa apricot ngati alipo.

Musanagule china chilichonse, yang'anani tsiku limene lalembedwa pa paketi ya isiti. Isiti imene yakhalitsa kapena imene inatsegulidwa kale n'kusiyidwa pa shelefu imafooka, ndipo n'zopweteka kuzindikira zimenezi mutathira kale batala, dzira ndi mphesa zokwera mtengo. Ngati mukukayika, sungunulani isitiyo m'kapu ya mkaka wofunda pang'ono, wotapa pa mamililita 300 aja, muthiremo supuni yaing'ono ya shuga ndi kudikira mphindi 10. Ikachita thovu pamwamba ndiye kuti ndi yamoyo, ikangokhala zii muitaye.

Kukonza nthawi

Kuyambira poyeza ufa mpaka kutulutsa mabanzi mu uvuni pamatenga maola 3 ndi theka kapena 4, ngakhale kuti nthawi yambiri imakhala yongodikira. Amene akufuna kuti banja lidye mabanzi otentha ndi tiyi wam'mawa asanapite ku mapemphero a Lachisanu Loyera ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kudzuka m'bandakucha. Yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti ndi yabwino kwa amene ali ndi firiji, ndi kukanda ufa Lachinayi madzulo, kuuvundikira bwino ndi kuugoneka mu firiji usiku wonse. M'malo ozizira isiti siimasiya ntchito koma imagwira pang'onopang'ono, ndipo ufa wogona chotere umanunkhira bwino komanso sumata kwambiri poumba. M'mawa mumangoutulutsa, kuudikira mphindi 30 kuti kuzizira kuchepe, kenaka n'kuyamba kuumba.

Kunyika mphesa ndi kufunditsa mkaka

Yambani ndi mphesa. Ziikeni m'mbale, muthire madzi otentha kapena tiyi wopanda mkaka kuti zimire, ndipo zikhale mphindi 20. Mukatero tsanulani madziwo, muziyanike pa kansalu koyera kuti ziume kunja. Ambiri amadumpha gawo limeneli, koma mphesa zosanyika zimayamwa madzi a mu ufa, ndipo ndi chifukwa china chimene banzi limaumira msanga tsiku lotsatira.

Pamene mphesa zikufewa, ikani mkaka pamoto wochepa, ndipo ukangotentha uphuleni, muponyemo batala kuti asungunuke. Siyani uzizire kufikira poti mukaviika chala choyera musamve kutentha kapena kuzizira, kutanthauza kuti wafanana ndi thupi, madigiri 37 kapena kuposerapo pang'ono. Isiti imafa kutentha kukafika pafupifupi madigiri 60, choncho mkaka wowotcha chala ukhoza kuononga ntchito yonse isanayambe. Mkaka ukafika pamenepo swereranimo dzira ndi kutakasa ndi foloko.

Kusakaniza ndi kukanda

Mu beseni lalikulu sefani ufa, muthire shuga, sinamoni ndi zonunkhiritsa zina, kenaka mchere mbali imodzi ndi isiti mbali ina, ndipo musakanize zonse zidakali zouma (ngati isitiyo munaisungunula kale mu mkaka poiyesa, idzalowa pamodzi ndi mkakawo). Kumbani kadzenje pakati, muthiremo mkaka uja, ndipo mutakase ndi mthiko mpaka ufa wouma usaonekenso. Pa nthawi imeneyi chosakanizacho chimaoneka chosalongosoka, chonyowa ndi chomata, ndipo n'momwe chiyenera kukhalira. Vundikirani beseni ndi kuchisiya mphindi 10. Kupumula kumeneku kumapatsa ufa mpata woyamwa mkaka, ndipo mukabwerera mupeza kuti kumata kwachepa kale musanagwire n'komwe.

Tsopano pakani mafuta ophikira pang'ono pa tebulo loyera ndi m'manja mwanu, m'malo mowaza ufa. Khuthulani ufa wokandawo patebulo. Ndi chikhatho, chapafupi ndi mkono, ukankhireni kutsogolo kuti utambasuke, muupinde kubwerera kwa inu, muutembenuze pang'ono, n'kukankhanso. Pitirizani chotero kwa mphindi 10 mpaka 12, ndipo ndi bwino kuyang'ana wotchi, chifukwa mkono ukatopa mphindi 4 zimamveka ngati zakwana.

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu. Pa mphindi zoyambirira ufa umakakamira ku zala, umang'ambika, umatsalira patebulo, ndipo dzanja limathamangira lokha ku thumba la ufa kuti liwazeko. Muliletse. Supuni iliyonse ya ufa imene mwaonjezera imasintha muyeso umene munauyeza mosamala, ndipo mukawaza kanayi kapena kasanu mudzapeza kuti mwakanda ufa wa buledi wolimba wosati wa mabanzi ofewa. Chochita n'kupala zomata patebulo ndi mpeni wosathwa kapena m'mphepete mwa mbale ya pulasitiki, kuzibwezera pamodzi, kupakanso timafuta m'manja ndi kupitiriza. Pofika mphindi ya 6 kapena 7 mudzaona kusintha: ufa umayamba kunyamuka wokha patebulo, kunja kwake kumasalala ndi kunyezimira pang'ono, ndipo mukaukoka umatambasuka osaduka msanga. Pokhapokha ngati pakutha pa mphindi 8 udakali woyenderera wosagwirika, waziraniko supuni imodzi yaikulu ya ufa, osaposa pamenepo, ndipo mukande mphindi 2 musanaganize zoonjezera ina.

Kuti mudziwe kuti wakandika, dulani kachidutswa kakang'ono, mukatambasule pang'onopang'ono ndi zala za manja onse awiri moyang'anizana ndi zenera. Kakapyapyala mpaka kuwala kuoneka mbali inayo kasanabooke, ndiye kuti gluten wakhwima. Kakang'ambika nthawi yomweyo, kandaninso mphindi 3.

Mphesa ndi khungu la lalanje zimalowa pomaliza. Tambasulani ufa wokandawo patebulo, muwaze mphesazo pamwamba, muupinde kangapo ndi kukanda mofatsa mpaka zifalikire paliponse. Mukaziika poyamba zimaphwanyika pokanda, zimadetsa ufa, komanso zimadula ulusi wa gluten umene mukuvutikira kuumanga.

Kufufumitsa koyamba

Ikani ufa wokandawo mu beseni lopaka mafuta, muvundikire ndi nsalu yonyowa pang'ono kapena pulasitiki, ndipo muuike pamalo ofunda opanda mphepo, koma osati padzuwa lenileni kapena pafupi kwambiri ndi mbaula. Ufunika kufufuma mpaka kukula kwake kuwirikize kawiri. Pasaka amagwa mu Marichi kapena Epulo, pamene kwathu kuno kumakhala kofunda, ndiye kumadera a kunyanja ndi ku Shire Valley ola limodzi likhoza kukwana, pamene kumalo ozizira monga Dedza kapena Mzuzu, ngakhalenso ku Britain kumene nthawi imeneyi kumakhala kukuzizirabe, pangafunike maola 2. Dziwaninso kuti ufa wa mabanzi amenewa umachedwa kufufuma kuyerekeza ndi wa buledi wamba, chifukwa batala, shuga ndi mphesa zimaulemetsa, ndipo sinamoni amachepetsa mphamvu ya isiti. Choncho musadalire wotchi yokha. Bayani ndi chala chopaka ufa, ndipo dzenjelo likatsala osatsekeka msanga, ndiye kuti wakonzeka.

Kuumba

Khuthulani ufawo patebulo lopaka mafuta pang'ono, muutsindike mofatsa kuti mpweya waukulu utuluke, ndipo muugawe magawo 12. Ngati muli ndi sikelo, gawo lililonse likhale pafupifupi magalamu 95. Ngati mulibe, dulani pakati, theka lililonse mulidulenso pakati, ndipo chigawo chilichonse mwa zinayizo muchidule patatu. Kufanana kukula n'kofunika chifukwa mabanzi osiyana sapsa nthawi imodzi.

Tengani gawo limodzi, mukokere m'mbali mwake monse pansi ndi kutsina pamodzi kuti pamwamba pakungike ndi kusalala. Liikeni patebulo mbali yotsinayo ili pansi, mulivundikire ndi chikhatho chopindika, ndipo mulizungulitse mpaka likhale lobulungira. Mphesa imene yatulukira kunja muikankhire mkati kapena muichotse, chifukwa mu uvuni imapserera ndi kuwawa. Ndandalikani mabanzi pa thireyi yopaka majarini, mizere itatu ya mabanzi anayi, ndipo pakati pa banzi ndi linzake musiye mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri. Cholinga n'chakuti akamafufuma agundane, pakuti mabanzi ogundana amakwera m'mwamba m'malo mophwasuka, ndipo m'mbali mwake mumakhala mofewa.

Vundikiraninso ndi kudikira mphindi 45 mpaka ola limodzi, kufikira atatupa ndi kugundana. Ochokera mu firiji akhoza kupitirira pamenepo. Mukadina banzi pang'ono ndi chala ndipo malo odinawo n'kumabwerera pang'onopang'ono, ali bwino. Akabwerera nthawi yomweyo sanakwane, ndipo akapanda kubwerera n'komwe apitirira, muwalowetse mu uvuni msanga asanaphwe. Kutatsala mphindi 20 kuti nthawi imeneyi ithe, yatsani uvuni pa madigiri 200, kapena 180 ngati ndi uvuni wokhala ndi fani.

Kulemba mtanda

Sakanizani ufa magalamu 75 aja ndi mafuta, muzithira madzi supuni imodziimodzi uku mukutakasa, mpaka zikhale ngati phala la mwana lolimbirako, loti mukatukula supuni limatsika mwaulesi osadukaduka. Likalimba kwambiri mtanda umatuluka wouma wovuta kutafuna, ndipo likachuluka madzi umayenderera n'kusoweka pa banzi. Thirani phalalo m'kathumba koyera ka pulasitiki, mulikankhire ku ngodya imodzi, ndipo mudule kansonga kakang'ono ndi sizasi. Bowolo likhale laling'ono kuposa mmene mukuganizira, chifukwa mzere umakula mu uvuni.

Musalembe banzi lililonse palokha. Yambani kumapeto kwa thireyi, mufinye kathumbako ndi kudutsa pakati pa mabanzi onse a mzere umodzi osaima, kenaka mzere wachiwiri ndi wachitatu. Tembenuzani thireyi, muchitenso chimodzimodzi mopingasa, ndipo banzi lililonse lipezeka lili ndi mtanda wake. Ana okulirapo amaikonda ntchito imeneyi, ndipo mtanda wokhota pang'ono susintha kukoma. Amene safuna phala la ufa akhoza kungocheka mtanda ndi mpeni wakuthwa kapena lezala latsopano, monga amachitira pa mabanzi otchedwa Alban buns a mu mzinda wa St Albans ku England, kumene anthu amasunga nkhani yakuti mmonke wina wa m'zaka za m'ma 1300 ankaphika mabanzi otere ndi kugawira osauka pa Lachisanu Loyera. Mukasankha kucheka, chekani mosazamitsa komanso mwachangu kuti banzi lisaphwe.

Kuphika

Lowetsani thireyi pa shelefu ya pakati ndipo muphike mphindi 18 mpaka 22. Musatsegule chitseko pa mphindi 12 zoyambirira, chifukwa ndi pamene mabanzi amakwera komaliza. Mukaona kuti mbali imodzi ikufiira msanga, tembenuzani thireyi pakatha mphindi 15, ndipo pamwamba pakayamba kuda mkati musanapse, yalani pepala la foil. Mabanzi opsa amakhala ofiirira bwino pamene mtanda udakali woyererako, ndipo mukanyamula limodzi la pakati ndi kugogoda pansi pake limamveka lopepuka, lopanda chinyezi.

Amene alibe uvuni, kapena magetsi athima ufa utafufuma kale, asataye mtima, pakuti mbaula imaphika mabanzi amenewa monga momwe imaphikira chikondamoyo. Tengani mphika waukulu wachitsulo chokhuthala, muyale mchenga woyera wouma pansi pake kukhuthala kwa zala ziwiri, ndipo muutenthetse pa makala kwa mphindi 10 utavundikiridwa. Mabanzi muwaike m'mbale yachitsulo yopaka majarini yokwana kulowa mu mphikawo, muiike pamwamba pa mchenga, muvundikire ndi chivundikiro chachitsulo kapena lata lafulati, ndipo muike makala oyaka pamwamba pake. Makala a pamwamba achuluke kuposa a pansi, chifukwa ufa wa shuga ndi mkaka umapserera msanga kunsi. Pa mbaula zimatenga mphindi 25 mpaka 35, ndipo posuzumira muzinyamula chivundikiro mosamala kuti phulusa lisagwere pa mabanzi. Mphika umodzi sulowa mabanzi 12, choncho otsala muwasunge pamalo ozizira kuti asapitirire kufufuma pamene oyamba akupsa. Mbaulayo ikhale panja kapena pakhonde, osati m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wa makala umapha.

Kupaka ndi kuziziritsa

Pamene mabanzi ali pamoto, wiritsani shuga masupuni 2 ndi madzi masupuni 2 kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka shuga asungunuke yense. Ngati mukugwiritsa ntchito jamu, mufunditseni ndi supuni imodzi ya madzi ndi kumusefa. Uchi wofunditsa nawo umatheka. Pakani mabanzi atangotuluka, adakali otentha kwambiri, pogwiritsa ntchito burashi ya kukhitchini kapena kunsana kwa supuni. Akazizira sayamwanso, ndipo shuga amangokhala pamwamba osanyezimira.

Asiyeni pa thireyi mphindi 5, kenaka muwasamutsire pa waya kapena pa lichero loyera kuti mpweya uzidutsa pansi, apo ayi amachita thukuta n'kunyowa kunsi. Fungo lake limasonkhanitsa banja lonse kukhitchini, koma muwaletse kunyema mpaka patadutsa mphindi 15 kapena 20, chifukwa mkati mwa banzi lotentha kwambiri mumakhala musanakhazikike ndipo limaoneka ngati losapsa. Amadyedwa odula pakati, opaka batala kapena majarini, ndi tiyi wamkaka.

Kusunga otsala

Mabanzi ophika kunyumba alibe mankhwala osungitsa amene amakhala mu a m'sitolo, choncho amakoma kwambiri tsiku lomwelo ndi lotsatira. Akazizira bwinobwino muwaike m'chidebe chotseka kapena m'thumba la pulasitiki, pamalo ozizira koma osati mu firiji, chifukwa kuzizira kwa firiji kumaumitsa buledi msanga. Amene afika Lamulungu la Pasaka muwadule pakati ndi kuwaotcha pa chiwaya chopaka majarini pang'ono, mbali yodulayo ili pansi, pamoto wochepa kuti shuga wa pamwamba asapserere. Ngati mwaphika ochuluka kuti mudzadye patsogolo, akulungeni limodzilimodzi tsiku lomwe mwaphika, muwaike mu firiza kumene angakhale mwezi wathunthu, ndipo powatulutsa muwasiye asungunuke okha kwa ola limodzi kapena awiri musanawafunditse mu uvuni wa madigiri 160 kwa mphindi 5.